Mpeni wa Njati Pakati pa Mtsinje

Panali munthu wina woyendetsa ngolo, amene mtima wake unali pa mipeni. Akafika pamsika, anzake ankathamangira ku nsomba ndi ku kaunjika, koma iye ankaima kwa ogulitsa zitsulo. Ankanyamula mpeni uliwonse ndi kuyang'anitsitsa chizindikiro chake. Ankadziwa kuti wa nyenyezi ndi wopepuka koma umabuntha msanga, ndi kuti wa tambala umadula bwino koma ukangonunkhiza madzi wachita dzimbiri.

Tsiku lina mkulu wake pobwera ku Joni anamtengera mpeni wopinda, wa chizindikiro cha njati. Chigwiriro chake chinali chakuda bii, chitsulo chake chili waliwali. Munthuyo anavina pabwalo. Anauyesa pamkono, ubweya n'kuyoyoka. Pamenepo anaupukuta, naupinda, nauika m'thumba. Kusendera nzimbe kapena chinangwa ayi. Ankautulutsa pa bawo pokha, atasamba m'manja, kuti anthu aone.

Mlamu wake, amene ankayenda naye pangolo, anali ndi mpeni wa kwa wosula wa m'mudzi, wopangidwa ndi sipuling'i ya galimoto yakufa. Unali wosapinda, ndipo chigwiriro chake chinali chokulunga ndi mphira. Ankausomeka m'chiuno m'kachikopa ka mbuzi, nadulira chilichonse chimene wakumana nacho.

"Alamu, chimenechi ndi mpeni kapena khasu lotha?" anatero mwini ngolo. "Dzina lake n'chiyani? Wanga ndi njati!"

"Wanga ulibe dzina, alamu," anayankha mlamuyo. "Koma njati yanuyo idzadya liti? Chibwerere ku Joni ikungogona m'thumba ngati mkamwini waulesi."

Anaseka onse awiri, koma aliyense anasunga maganizo ake.

Nthawi ya dzinja, pobwera kuchigayo, anafika pamtsinje napeza madzi olekeza m'maondo. Analowa. Ali pakati, ng'ombe ya kumanzere, dzina lake Mawanga, inaponda padzenje nigwa. Goli linapotoka. Chingwe cha pakhosi chinaikanyanga, ndipo mphuno zake zinamira. Inzake, pochita mantha, inkakokera kutsogolo, chingwe n'kumalimbirabe. Mfundo yake yonyowa sikanamasulika ndi zala za munthu.

Mlamu anathamangira kutsogolo nagwira nyanga za ng'ombe yokokayo. Mwini ngolo analumphira m'madzi, ndipo ngakhale anali ndi mantha, anati mumtima mwake: Lero aiona njati!

Anatulutsa mpeni. Tsono mpeni wopinda umatsegulidwa ndi chikhadabo, pakamng'alu kakang'ono. Manja ake anali matope okhaokha, zikhadabo zitafewa ndi madzi. Anakoka, chikhadabo chinapindika. Anayesa ndi mano, osatheka. Popindira pake panali pouma gwaa, pakuti mpeniwo sunazolowere ntchito.

"Dulani, alamu!" anafuula mlamu, amene sakanatha kusiya nyanga zija. "Mukudikira chiyani?"

Munthuyo anayang'ana pansi. Pamene panali mphuno za Mawanga pankangotuluka thovu. Anachita manyazi kupempha mpeni umene ankauseka uja, koma ng'ombe inali kutha. Anaponyera njati yake kumtunda nafuula ndi mawu ake onse:

"Alamu! Ponyani wanuwo!"

Mlamu anausolola ndi dzanja limodzi, pamodzi ndi kachikopa kake, nauponya. Munthuyo anauwakha, nausolola, naulowetsa pansi pa chingwe. Anakoka kamodzi kokha. Chingwe chinati du!

Mawanga anadzutsa mutu, nafwenthera madzi kumaso kwa mbuye wake, naimirira ali njenjenje.

"Wapuma! Alamu, Mawanga wapuma!" anakuwa munthuyo, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Amuna awiri akuluakulu anakumbatirana pakati pa mtsinje, ufa ukunyowa pangolo, natamanda Mulungu mokweza mpaka amayi amene ankachapa kumunsi anayamba nthungululu.

Abale anga okondedwa, mundimvetse bwino. Chitsulo cha njati chinali chabwino, kapenanso choposa chinzake. Amene anachisula sanalakwe. Ifenso tinapatsidwa Mawu a Mulungu, akuthwa ndithu, koma ambiri timawatsegula Lamulungu lokha titasamba m'manja, kenaka n'kumakangana kuti mpingo wa chizindikiro chabwino ndi uti. Tsoka silidikira kuti munthu asambe. Pemphero limene simunalizoloweze pa zinthu zazing'ono za kumunda ndi za pakhomo lidzakuumirani pakamwa tsiku la madzi. Ligwiritseni ntchito lero, ndi manja a matope omwewo. Ndipo likakukanikani, musataye moyo chifukwa cha manyazi. Fuulirani mbale amene ali pafupi, ngakhale akhale amene munamseka dzulo.