Chotupa cha Wodwala ndi Chotupa cha Woperekeza

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene ankamva kuwawa m'nthiti mwa kumanja. Anayesa zitsamba, anayesa mapiritsi a m'golosale, koma osasintha. Pomaliza mkulu wake anamuperekeza kuchipatala ngati gadiyani. Mkuluyo anali wapakamwa. Ali pamzere, anafotokozera aliyense matenda a mng'ono wake ngati kuti dokotala ndi iyeyo.

M'chipinda cha sikani, mayi wounika anapaka wodwalayo mafuta ozizira nayendetsa kachipangizo kake pamimba ndi m'mbali. Pagalasi panaoneka chotupa mu impso, chachikulu ngati lalanje.

Mkulu uja anagwira kumutu. "Khansa imeneyo! Ndinkanena ine."

"Ayi, bambo," anatero mayiyo. "Onani, m'kati mwake ndi mwakuda bii, ndipo khungu lake ndi lopyapyala, losalala. Muli madzi okhaokha. Chimene timachiopa chimakhala ndi khungu lochindikala, tizipinda m'kati, ndi mnofu woyendamo magazi." Kenako anafunsa wodwalayo ngati amakodza magazi.

Wodwalayo anati ayi. Mkulu wake anaseka. "Wokodza magazi ndine, mayi, chaka chonsechi. Koma ndi likodzo chabe, kwathu tonse tinakula nalo. Sindimva kuwawa paliponse."

Mayiyo anamuyang'ana. "Wodwala atsike. Inuyo vulani malaya, mugone apa."

Mkuluyo anakana kawiri, akuti iye wangobwera kudzaperekeza. Kachitatu anagona, akung'ung'udza. Mu impso yake yakumanzere munali kachotupa kakang'ono ngati dzira la nkhunda. Khungu lake linali lochindikala, m'kati muli tizipinda, magazi akuyendamo. Anali atamva phunziro lija ndi makutu ake, choncho anadziwa yekha tanthauzo lake. Anachita mantha.

Anamutumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamuyezanso, napeza kuti ndi khansa, nachotsa impsoyo matendawo asanafalikire. Mng'ono wake, wa chotupa cha madzi uja, ndi amene anakhala naye m'wodi mpaka anatuluka.

Inu abale anga, ambirife ndife operekeza. Vuto la mnzathu timalidziwa kukula kwake ndi dzina lake, n'kumalilengeza pamzere. Lathu tinalipatsa kale dzina losaopsa, ndipo poti silikupweteka timangoyenda nalo. Mukamva wina akuti "gonani apa," musayambe kufotokoza kuti mwabwera ndi ndani. Vulani malaya, akuunikeni.