Sakwi ndi Ng'anjo Zitatu za pa Nachifunga

Njala ya Nkhandwe ndi imene inayambitsa zonsezi, ngakhale akhwangwala amene anaonerera amati mlandu ngwa Sakwi.

Pa phiri la Nachifunga kale pankakhala anthu osula makasu. Phirilo litakhala lotetezedwa, anthuwo anasamutsidwa, n'kusiya manda awo ndi ng'anjo zitatu zadothi zosungunuliramo chitsulo, zitaima m'udzu ngati zulu. Kumtundako kulibe mitengo yeniyeni, ndi tsekera, zitsamba zofupika ndi miyala basi. Chaka chilichonse udzu usanaumitsitse, alonda a nkhalango ankatentha chigawo chimodzi sabata ino, china sabata yamawa, kuti moto wolusa wa m'chilimwe usadzapeze chakudya.

Sakwi, kanyama ka mphuno yaitali kosaposa khoswe, anali ndi ana asanu. Nkhandwe anadya awiri, Vumbwe mmodzi. Sakwi analumbira kuti awiri otsalawo akula, zivute zitani.

M'mawa wa tsiku lotentha udzu, Nkhandwe anamuponda mchira Sakwi.

"Ndikuthawira kudambo," anatero Nkhandwe, "koma ulendo wa njala umatalika. Ndiyambe ndakudya."

"Idyani, atsibweni, ndine yani ine? Chisoni changa n'chakuti malo anga m'ng'anjo apita pachabe."

"Malo anji?"

"Dothi limene linapirira moto wosungunula chitsulo lingaope moto wa udzu? Mulowa, moto udutsa, inu n'kukhala woyamba kutola mbewa zowauka anzanu akadali kudambo. Ndayalamo kale udzu wogonapo."

Nkhandwe ankakonda kudya osathamanga. Anakwera, n'kudumphiramo pakamwa pa ng'anjoyo. Sanadziwe kuti mkati mwake ndi moterera, ndiponso kuti pansi pali timabowo tokoka mphepo. Moto utafika, ng'anjo inakumbukira ntchito yake yakale. Sakwi anakhala pathanthwe kumvetsera mpaka kulira kunatha, ndipo ndinene zoona, kanyamako kanaseka.

Sabata yotsatira Sakwi anaitanira Vumbwe ku ng'anjo yachiwiri, koma uyu anali wokayikira.

"Nanga Nkhandwe sakuoneka bwanji?"

"Ananenepa ndi mbewa, achimwene, mpaka anatsikira kuchigwa kukafunsira mbeta."

"Ngati ndi zoona, tilowe tonse."

Sakwi analowa naye. Anakhala pambali pa zikhadabo zimene zinang'amba mwana wake, akumva kuthetheka kukuyandikira. Utsi utayamba kulowa anati, "Ndikasuzumire ngati wadutsa," n'kupulumukira pa kabowo kapansi. Vumbwe pa kabowoko panangokwana mphuno.

Tsopano anatsala Nyenga, amene anali asanadye mwana wa Sakwi koma ankawayang'ana kwambiri. Sakwi anayamba kulalikira za ng'anjo phiri lonse, modzitama, ngati anaiumba ndi iye. Tsiku lina mkazi wake anamufunsa, Nyenga ali chapafupi kuothera dzuwa.

"Bambo a ana, zoona ng'anjo imapulumutsa?"

"Zoona, mayi," anayankha Sakwi mokweza kuti Nyenga amve. "Kulibe malo ena oposa amenewo."

Mumtima anati adzauza mkazi wakeyo zenizeni pambuyo pake. Kenaka anaganiza kuti chinsinsi cha awiri chimatuluka, n'kungokhala chete. Anayala udzu m'ng'anjo yachitatu, ndipo poti Nyenga ndi woonda, timabowo tapansi anatitseka ndi tsekera wothinana kuti ngakhale nyerere isadutse.

Alonda anabwera tsiku limodzi msanga, chifukwa mphepo inali itagona. Sakwi anali kutali, akufunafuna Nyenga kuti amuperekeze. Ataona utsi anathamangira kwawo kuti atengere banja lake pathanthwe. Anapeza pachisa pali zii.

Khwangwala anali pamwala, akudikira zowauka.

"Usade nkhawa, Sakwi," anatero. "Akazi ako ndi omvera. Ndawaona akuponya ana m'ng'anjo, iwo n'kudumphiramo. Amati amuna awo ayalamo kale pogona."

Sakwi anathamanga kuposa tsiku lililonse la moyo wake. Anafika pa kabowo, n'kuyamba kukoka ndi mano tsekera amene anathinitsa yekha, akumva ana akumuitana mkati. Tsekerayo anali atamangidwa bwino. Moto unamuwaula ndevu, unamukankhira pathanthwe, ndipo kumeneko anamvanso zonse mpaka kumapeto.

Nthawi imeneyo Nyenga anali kudambo, akumwa madzi mosatekeseka. Iye chibadwire sanakhulupirirepo mawu a Sakwi. Pa phiri lonselo, amene ankamukhulupirira ndi mtima wonse anali a m'nyumba mwake okha.