Thiraki ya Lingisoni Pakati pa Mtsinje

Kalekale, osati kale la makolo koma lathu lomweli, kumapiri a ku Ntcheu kunali munthu dzina lake Lingisoni. Imvi zinamumera ali pa chiwongolero cha mathiraki a eni ake, kupita ku Beira ndi kubwerako. Sankaledzera, sankaba dizilo. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi, kuti asanafe ayendetseko thiraki yakeyake.

Amalume ake, a Chidzanja, ataona kuti mwana wa mlongo wawoyo ndi wolongosoka, anatsekula khola nagulitsa ng'ombe zonse za mbumba. Anamulangiza kuti thirakiyo izidyetsa ana a pamudzipo monga zinkachitira ng'ombe.

Ku Lilongwe Lingisoni anapeza mathiraki awiri ogulitsa. Ina inali yatsopanoko, koma mtengo wake unaposa khola lonse, moti akanachita kuwonjezera ngongole. Inayo inali nkhalamba, yolemera, ya utsi wakuda. Mlamu wake Damiyano, amene anali makaniko, anakwawira pansi pa onse awiri, natuluka ali bii ndi oyilo.

"Alamu, tengani gogoyu," anatero. "Yonyezimirayo ikadwala imafuna makina a ku Joni. Uyu ndimuchiza ndi sipanala pansi pa mtengo."

Damiyano sananame. Lingisoni atagula yakaleyo, iye anaigonera pansi thirakiyo osalandira kanthu mpaka injini inayamba kulira bwino. Inatsala sitata yokha, kachipangizo kolizira injini, imene inali itatheratu. Yamtundu wakalewo inali itasowa m'masitolo, choncho anachita kuitanitsa kunja. Podikira, thirakiyo inkalira pokhapokha akaiimika pamtunda n'kuitsetsereketsa.

Lingisoni ankafuna kudikira sitatayo. Mkazi wake Nangozo anakana. Linali dzinja, nkhokwe ili mbee, mkaka kulibe, ndipo akazi anzake pachitsime anali atayamba kumufunsa ngati chitsulo chimakamidwa.

"Bambo a Estere, ana sangadye kudikira," anatero. "Pitani mukanyamule katundu. Muzingoima pamtunda."

Nayenso sananame, pakuti ana anali atayamba kugona ndi njala. Lingisoni anamvera. Anapeza katundu wa feteleza wopita ku Blantyre, nakafika bwino. Tsiku limenelo anaseka monga sanasekepo chiyambire.

Asanabwerere, uthenga unamupeza kuti a Chidzanja, amene anali atagonekedwa kuchipatala mumzinda womwewo, atisiya. Amayi ake a Lingisoni, mlongo wa malemuwo, anali komweko monga wodwazika. Lingisoni anawafotokozera mwaulemu kuti njira yakumudzi ili ndi mtsinje wopanda mlatho, ndipo kukanakhala bwino kupeza lole yaing'ono. Amayiwo anamuyang'ana nati:

"Mwana wanga, ng'ombe za mlongo wanga ndi izi wakhalirazi. Ufuna apite kwawo pa galimoto yobwereka, ngati munthu wopanda mbumba?"

Aliyense woleredwa bwino akudziwa kuti mawu otere sayankhidwa. Anakweza bokosi pa ngolo ya thirakiyo, amayi a Mvano nakhala molizungulira akuimba, amuna nakweranso, ulendo unayambika.

Atafika pamtsinje, madzi ankalekeza m'akakolo. Lingisoni anatsika, anapondaponda mchenga, anayang'ana mitambo yakuda imene inaunjikana kumapiri, nakweranso. Analowa ndi giya yoyamba. Pakatikati matayala anatitimira, injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Kutsogolo kunali chikweza, kumbuyo chikweza. Amuna onse a pamaliro anatsika kudzakankha mpaka mapewa anasupuka, koma chitsulocho sichinasunthe.

Adzukulu anasenza bokosi nawoloka wapansi. Lingisoni anatsala ataimirira m'madzi, dzanja lili pa chitseko. Akanatha kuthamangira kumsewu kukafuna thirakitala yoti imukoke. Koma iye ndiye anali wolowa m'malo mwa amalume ake, ndipo maliro sakanaikidwa iye palibe. Anatseka chitsekocho, natsatira bokosi.

Akukwirira manda, anamva mkokomo wa mtsinje. Palibe anatembenuka, koma onse anadziwa. Pobwerera anapeza ngolo itaduka n'kukokoloka, mutu wa thirakiyo utagona cham'mbali, mchenga utadzaza mpaka m'mawindo. Sitata ija inafika patapita masabata, Damiyano naiika pashelefu osaimasula.

Tsiku lometa maliro mbumba inakhala pansi. Damiyano anati iye anasankha thiraki yochizika, sanasankhe ngalawa, ndipo Lingisoni akanadikira sitata ija sibwenzi zili chonchi. Nangozo anati iye anatuma mwamuna wake ku Blantyre, kumsewu wa tala, osati kumtsinje. Amayi anati iwo anangopempha ulemu wa womwalira, ndipo akanati apemphenso lero akanapempha chomwecho. Onse atatu ankalankhula akulira, pakuti onse ankamukonda.

Lingisoni anafunafuna mumtima munthu woti amukwiyire kuti mwina apeze tulo, koma sanamupeze. Anabwerera kwa mabwana ake akale kukapempha ntchito, iwo namuuza kuti maso ake akalamba. Lero amalima ganyu m'minda ya anthu amene kale ankamupempha kuti awakweze. Ana a mbumba ija anabalalika, ena ku maesiteti a fodya, ena sadziwika kumene ali. Iye akafuna kupita kutchalitchi amazungulira njira yaitali kuti asadutse pamtsinjepo.

Mlanduwu sunagamulidwe, ndipo ine sindiugamula. Inu amene mwamva, khalani pansi mwadongosolo, wina alankhule wina akamaliza. Ndani anamiza thiraki imeneyi: mlamu amene anasankha yakale, mkazi amene anakana kudikira, mayi amene anapempha ulemu wa mlongo wake, kapena Lingisoni mwini, amene anawamvera onse atatu?