Mipando ya Apolisi pa Geti la a Peterson

Bambo Peterson a ku Biwi adagwira umesenjala kwa maloya zaka makumi awiri, ndipo chinyamulire mafayilo amenewo adadzipatsa okha uloya. Kukhale kumaliro, kukhale pabawo, nkhani ikangokhudza malamulo ankayamba akhosomola kuti mbuli zikhale chete.

Lachisanu lina pakhomo pawo panali yakaliyakali. Mawa lake chinali chinkhoswe cha Pauline, mwana wawo mmodzi yekhayo wamkazi, ndipo bambowo adali atayeserera mawu awo pagalasi sabata yathunthu. Woimbitsa nyimbo anali Kings, mnyamata wochita lendi m'nyumba yawo yakuseri, amene mwezi womwewo adapezeka ndi masipika anayi akuluakulu osadziwika kochokera.

Dzuwa lili paliwombo, apolisi awiri adagogoda pageti. Wamkulu wawo, sajeni wachizimayi, adaonetsa chikalata n'kunena kuti akufuna Kings pa nkhani ya masipika obedwa kutchalitchi china ku Chilinde.

A Peterson adaganiza za mawa. Chinkhoswe chopanda nyimbo, akuchimuna atiyesa anthu otani? Adathamangira kukhitchini kwa akazi awo.

"Betty, tereka tiyi. Ndiwachedwetsa pang'ono, mnyamatayu azembe. Adzamugwire Lolemba."

"Bambo a Pauline, asiyeni anthu agwire ntchito yawo. Masipika tibwereka kwina."

"Iwe malamulo udawaphunzirira kuti? Kutchinga wapolisi n'kumugwira malaya kapena kumukankha. Ine sindikhudza munthu."

Ndipodi sadakhudze munthu, ulemu wokhawokha. Adatulutsa mipando itatu n'kuindanditsa pageti penipeni, iwo n'kukhala pa wapakati, n'kuuza apolisiwo kuti adikire tiyi. Adapempha kuti aone chikalata chija, koma magalasi adasowa. Atapezeka, adachiwerenga mokweza liwu ndi liwu, kawiri, ngati kalata yochokera ku Joni. Kenaka adalumbira kuti Kings adapita ku Dedza Lachitatu kukaona mayi ake odwala.

Ali m'kati molumbiramo, kuseri kudamveka phofo! Mlendo wa ku Dedza uja anali atalumpha mpanda, nsapato imodzi itatsalira pa waya.

Sajeni uja sadakweze mawu. Adatuma mnzake kuti akatulutse masipika, iye n'kutembenukira kwa mwini khomo.

"Abambo, valani jekete. Tipitira limodzi."

"Pa mlandu wanji, mwana wanga? Ndakugwira? Ndakukankha? Anthu onsewa ndi mboni."

"Simunandigwire, zoona. Koma mwatinamiza, mwatitsekera njira, mwatichedwetsa dala mpaka munthu wathawa. Kumeneko ndiye kulepheretsa apolisi ntchito yawo. Lamulo silidikira chibakera, ngakhale tiyi amakwana."

A Peterson adayang'ana uku ndi uku kufuna wowavomereza, koma anzawo a pabawo, amene adadzaza mumsewu, onse adapeza chochita ndi mafoni awo. Loya wa ku Biwi adakwera kumbuyo kwa galimoto, atapanikizika pakati pa masipika omwe ankawateteza.

Kupolisi adayesa chizungu chonse cha m'mafayilo, koma adauzidwa kuti za belo zioneka Lolemba, popeza wothawayo sadapezeke ndipo sizikudziwika ngati awiriwo sadali pamodzi. Apa m'pamene adachita mantha enieni. Munthu wodziwa malamulo, n'kuiwala kuti womangidwa Lachisanu amapemphera Lamulungu m'chitokosi!

Chinkhoswe sichidikira munthu. Mayi Betty adabwereka kasipika kamodzi kwa oyandikana nawo, ndipo anthu adavina mpaka fumbi kobo. Amene adalankhula m'malo mwa bambo ndi malume ake a Pauline, mwachidule, ena n'kumati zidakhala bwino chomwecho.

Madzulo a Loweruka Pauline adafika kupolisi ali chivalire zachinkhoswe, kontena ya mpunga ndi nkhuku ili m'manja. Bambo ake adafuna kufotokoza mmene lamulolo lidalembedwera molakwika, koma mwanayo adawadula.

"Adadi, nyimbo zinalipo. Chimene chinasowa ndi inu."

A Peterson adalandira kontenayo ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe. Akulu sadaname: Nzeruzayekha adaviika nsima m'madzi.