Pamene Burashi Sinakhudze

Panali mkulu wina ku Ntcheu, dzina lake Yotamu, amene atapuma pa ntchito ya ku positi ofesi anayamba kujambula zithunzi ndi penti. Sankagulitsa ayi. Ankangojambula chifukwa mtima wake unkakondwa, monga ena amakondera bawo. Anali ndi kabokosi kachitsulo ka penti wa madzi, maburashi atatu ndi kapu yothyoka chogwirira yotsukiramo. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kujambula chilichonse chimene maso ake agwerapo: mpendadzuwa wa kuseri kwa nyumba, deliya wa m'mphepete mwa msewu, mapiri akavala nkhungu, ndi nkhope za okalamba anzake obwera kudzacheza.

Mkazi wake, Nangozo, ankamuseka. "Maluwa amoyo ali apo, inu mukuvutikiranji kupanga ena osanunkhira?" Koma ndi iye yemweyo amene ankathirira maluwawo, ndipo akapeza chithunzi chikuuma pamkeka ankaingitsa nkhuku ngati zalowa pa ufa. Anakhala m'banja zaka makumi anayi ndi ziwiri. Yotamu anajambula pafupifupi mudzi wonse, mpaka galu wa anansi, koma mkazi wake sanamujambulepo. Ankati adzamujambula dzanja likadzakhwima. Nangozo nayenso sanali munthu wokhala pansi kudikira kuti penti aume. Ndiye chaka china, nthawi yokolola, anadwala masiku asanu n'kumwalira.

Masiku amenewo zithunzi za kamera zinali zosowa. Ziwiri zokha za pa ukwati wawo chiswe chinali chitazidya kale m'sutikesi.

Patatha chaka, mwana wawo wamkazi, Tiyanjane, anabwera kuchokera ku Blantyre atanyamula chinsalu chokhomera pa timatabwa ndi penti wa akiriliki wa m'machubu.

"Ababa," anatero, "tsiku lovundukula chiliza ndikufuna nkhope ya amayi idzakhalepo. Ndikatsinzina ndimamva mawu awo, koma nkhope ikundithawa. Ana anga ndidzawaonetsa chiyani?"

Yotamu anachita mantha, chifukwa zimene mwana wake ananena zinali zitayamba kumuchitikira iyenso.

Tsono mudziwe kuti mapenti awiriwa ndi osiyana mtima. Penti wa madzi sabwerera m'mbuyo. Ukapaka wapaka, ndipo ukabwerezabwereza pamalo amodzi pamada ngati madzi a m'chithaphwi. Komanso pamene ukufuna kuwala supakapo kanthu, umangosiya pepala loyera osalikhudza. Akiriliki ndi wololera. Amauma msanga, ndipo ukalakwitsa umangopaka wina pamwamba, zapansi n'kubisika. Yotamu atamva zimenezi kwa mwana wake anakondwa. Anati tsopano wapeza penti womuyenera munthu wamantha.

Anajambula m'mawa katatu. Tsiku lachitatu anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino. Pachinsalu panali Nangozo weniweni, wakuda bii ndi dzuwa la kudimba, masaya olowa pang'ono, mpango atamanga mfundo pamwamba pa khutu la kumanzere monga ankachitira, ndipo pakamwa pali tseko limene akuyesa kulibisa. Mkuluyo anakhala pansi n'kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo.

Akanalekera pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo. Koma kwathu kuno za womwalira sizikhala za munthu mmodzi. Mwamuna sangaike nkhope ya mkazi wake pamaso pa anthu eni m'bale asanaione. Choncho Yotamu anatumiza mawu kuchimuna ndi kuchikazi kwa Nangozo kuti adzaone.

Woyamba kufika anali Esinati, mkulu wake wa malemuyo, mayi wa ndodo ndi mawu osabwezedwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwayesetsa, alamu," anatero. "Koma mng'ono wanga sanali wakuda chonchi. Kwathu ndife oyera khungu."

Yotamu ankadziwa kuti Esinati akukumbukira mtsikana wa kalekale, asanapse ndi dzuwa la kudimba. Koma mungatsutse bwanji alamu anu aakulu pa nkhani ya m'bale wawo wobadwa naye bere limodzi? Anawomba m'manja nati, "Zikomo alamu, ndikonza." Atapita, anapaka penti woyererapo pamwamba.

Kenako kunabwera mchimwene wa malemuyo. "Masaya awa mwawafinya, alamu. Anthu adzati mlongo wanga ankagona ndi njala." Yotamu anawonjezera masaya. Amayi a kumpingo nawonso anabwera, atatu. Anati tsekolo silikuyenera pa mwambo wa chiliza, ndipo mpango wopendekera choncho si wa munthu wopemphera. Yotamu anatseka pakamwa pa chithunzicho, nawongola mpango. Wina anadandaula za mphuno, wina za makutu. Aliyense pochoka ankati, "Pajatu mutu umodzi susenza denga," ndipo mkuluyo ankavomera. Palibe mmodzi mwa iwo amene anali ndi mtima woipa. Onse ankamukonda Nangozo, ndipo penti sankakana munthu.

Kutatsala masiku anayi kuti avundukule chiliza, Tiyanjane anafika. Asanakhale n'komwe pansi anapempha kuona chithunzi. Bambo ake anachotsa chitenje chimene anaphimbira. Tiyanjane anayang'ana, n'kuyang'ananso.

"Ababa, amenewa ndi ndani?"

Pachinsalu panali mayi wooneka bwino ndithu, woyera, wonenepa, waulemu wake, woti mutakumana naye pamsika mungamupatse moni n'kupitirira. Palibe amene anamuonapo chibadwire.

Yotamu anatenga mpeni nayesa kupala pakona kuti afike pa nkhope yoyamba ija. Penti anasendeka yense pamodzi ngati khungwa la mtengo, mpaka chinsalu chinaonekera. Njira yobwerera panalibe. Koma chimene chinamuwawa kwambiri ndi ichi: atatsinzina kuti aitane nkhope ya mkazi wake, inabwera ya mlendo uja. Anali atayang'ana bodza masabata ambiri mpaka linakhazikika m'maso mwake.

M'mawa mwake anatembenuza chinsalucho kuti chiyang'ane kukhoma. Anatenga kabokosi kake kakale kachitsulo, pepala limodzi ndi kapu ya madzi, n'kukakhala pakhonde pamalo ake a masiku onse. Sanaitane munthu. Anangokhala, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhope sinabwere. Chimene chinabwera ndi kanjira kochokera kudimba, kamene ankakayang'ana m'mawa uliwonse zaka zonsezo. Anamuona Nangozo akukwera m'kanjirako, lichero la chiluwe, maluwa achikasu a maungu aja, lili m'chiuno. Phewa la kumanzere linali lotsika, phazi limodzi lopondera kunja, mfundo ya mpango pamwamba pa khutu. Dzuwa linkamuwomba kumaso mwamphamvu, moti kuchokera pakhonde munthu sunkaona maso kapena mphuno, koma kuwala kokhakokha. Umu ndi mmene ankafikira kwa iye tsiku ndi tsiku.

Ananyowetsa burashi najambula kamodzi kokha, osabwereza. Anaika kanjira, deliya wa m'mbali mwake, chitenje chobiriwira, lichero ndi phewa lija. Atafika pankhope, dzanja linaima m'malere. Anaika kamthunzi kochepa pansi pa chibwano, n'kutsuka burashi. Pena ponse anasiya pepala loyera.

Tsiku la mwambo, atatha mapemphero ndi kuvundukula chiliza, Yotamu anaika chithunzicho pampando kuti anthu aone. Anthu anayang'anana. Esinati ndiye analankhula.

"Alamu, nanga nkhope mwaiiwala?"

"Sindinaiiwale, alamu," anayankha Yotamu, ndipo ulendo uno sanawombe m'manja. "Pamenepo ndi pamene dzuwa linkamuwomba. Sindikonzanso."

Mayi wokalambayo anasendera pafupi ndi ndodo yake, ataumitsa nkhope kuti adzudzule. Anayang'ana phewa. Anayang'ana phazi. Kenako ndodo inagwa pansi.

"Delifa!" anafuula. Limeneli linali dzina la paubwana la Nangozo, limene panali patapita zaka makumi asanu osamveka. "Mayo ine, mwana wa amayi anga! Ankabwera chonchi kuchokera kuchitsime tili atsikana. Taonani akundiseka!"

"Akuseka ndithu," anatero mchimwene uja, akupukuta m'maso ndi chipewa.

Tiyanjane anagwada patsogolo pa mpandowo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka nati, "Ababa, ndikuwaona. Abwerera."

Papepala loyera lija aliyense anapezapo Nangozo wake. Esinati anaona mtsikana woyera khungu, mchimwene anaona mlongo wa masaya odzaza, mwana anaona mayi ake, ndipo palibe amene anafufuta wa mnzake.

Chithunzicho chinapita ku Blantyre ndi Tiyanjane. Chinsalu chija Yotamu sanachitaye. Chinakhala choyang'ana kukhoma mpaka tsiku limene iye anatsikira kulichete. Nthawi zina ankaika dzanja kumbuyo kwake, podziwa kuti pansi pa penti yense uja mkazi wake akadali momwemo, akubisa tseko lake, ndipo palibe amene adzamuonenso.

Tsono inu amene mwamva, aliyense wa inu ali ndi munthu amene amamusunga mumtima. Choyamba, mujambuleni akadali moyo, musadikire kuti dzanja likhwime. Ndipo akapita, mverani abale mwaulemu, koma chimene maso anu anaona musachipake penti pofuna kukondweretsa aliyense wolowa pakhomo. Nenani chokhacho chimene mukuchidziwa. Pamene simungathe kufikapo, tsukani burashi, musiyepo poyera, kuti mnzanu wolira naye apezepo pomuonera.