Manda Ofunda

Panali amuna awiri apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, amene anapita kukagwira ntchito kumgodi, kutali kumpoto kwa dziko lapansi. Kumeneko chipale chofewa chimagwa ngati ufa, ndipo kuzizira kwake si kwa Juni wathuyu ayi. Kumapha.

Kuli mbalame ina yonga nkhwali. Nyengo yozizira ikafika imasanduka yoyera mbee, nthenga mpaka kuzikhadabo ngati yavala masokosi. Mng'onoyo ankakonda kuiyang'ana. Anaona kuti mphepo ikalusa mbalameyo siithawa: imadziponya m'chipale, n'kufukula kadzenje, n'kubisala momwemo. Mkulu wake ankangomuseka: "Iwe unabwera kudzagwira ntchito kapena kudzalonda mbalame?"

Tsiku lina akuchokera kumgodi wapansi, namondwe anawapeza panjira. Kunangoti mbuu, njira osaoneka. Zala zinayamba kuuma.

"Achimwene, tikumbe pompano tilowe, tidikire mphepoyi ipite," anatero mng'onoyo.

"Wapenga eti? Ndidzikumbire manda ndili moyo? Kumudzi akamva adzati chiyani? Mwamuna amayenda!"

Mng'onoyo anagwira jekete la mkulu wake, n'kumupempha akulira. Mkuluyo anakankha dzanjalo, nalowera mumphepo. Mng'onoyo anaitana, anaitananso, koma zii. Anadziwa kuti kumutsatira kunali kufa awiri. Mtima ukumupweteka, anagwada, nakumba ndi manja, nalowa, nadzipinda ngati mbalame ija. M'katimo munali mdima ndi mantha, koma mphepo sinkafikamo, ndipo mpweya wake womwe unkamufunditsa.

Namondwe atatha anatuluka wamoyo. Anapeza mkulu wake pafupi pomwepo, poti mwana n'kuponyapo mwala. Munthuyo anali atangozungulirazungulira mpaka kutopa. Anali chikhalire, atauma gwa, maso ali chitsegulire. Manda amene anakana aja anamukumbira ena, m'dziko la eni, mayi ake osaona nkhope.

Abale anga, nkhaniyi imandiwawa. Alipo pakati pathu pano amene mphepo yawapanikiza, thupi likutha, banja likupasuka, koma kugwada n'kupempha thandizo akuti n'kunyozeka. Akuti anthu adzati chiyani. Anthu amenewo m'namondwemo mulibe, muli inu nokha. Gwadani, lowani pomwe mukupanyozapo, mukadali ndi manja okumbira.