Masamba Aawisi Pamsewu wa Kuchigwa

Abale anga, mumzinda wina munali mayi wophunzira kwambiri, mphunzitsi wa payunivesite. Ankaphunzitsa za chisamaliro cha anthu ovutika, ndipo za kusintha kwa nyengo ankazidziwa ngati dzina lake. Pamisonkhano ankati, "Amene akumira m'madzi osefukira si amene anaononga chilengedwe." Anthu n'kuwomba m'manja. Kuti akhale pulofesa panangotsala buku limodzi, la mawu a anthu a mudzi wina wa kuchigwa, kumene madzi anakokolola nyumba ndi minda. Popanda mawu awo, buku panalibe.

Koma mayiyu anali ndi nthenda yokayikira. Wophunzira akati wadwala, iye, "Bodza limenelo." Mnzake akamuyamikira, iye, "Akufuna chiyani ameneyu?"

Tsiku lopita kumudziko, atayandikira, anaona masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Inu mukudziwa tanthauzo lake: pamenepo pali maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Mayiyunso ankadziwa bwinobwino. Koma mtima unamunong'oneza: "Maliro ake ati, kulira osamveka? Amva kuti kukubwera galimoto ya kuyunivesite, ndiye atchera msampha kuti ndiime andipemphe." Anakweza magalasi, n'kuponda moto. Fumbi koboo, mpaka pa anthu amene anakhala chete kuseri kwa mpanda.

Anakafika pasukulu pomwe anapangana kukumana ndi anthu a m'mudzimo, nayala mapepala ake. Dzuwa linafika paliwombo, osaoneka munthu. Dzuwa linapendeka, zii. "Si izi? Akufuna ndiwanyengerere," anatero mumtima. Kenako kunabwera bambo wina wachikulire, dothi lofiira lili kumapazi.

"Pepani mayi, mwadikira. Timaika mlongo wanga, amene anakulemberani kalata yokuitanani uja. Chisefukireni mtsinje, madzi a pachitsime anaipa. Kutsegula m'mimba kwamutenga."

Mayi uja anamva manyazi mpaka m'mafupa. "Pepani bambo, sindinadziwe."

"Masamba aja simunawaone?"

Bambo uja anapitiriza:

"Anthu andituma ndikuuzeni kuti sabwera. Akuti munthu wothira fumbi maliro athu, tikamupatsa misozi yathu apita nayo kuti?"

Analonga mapepala ake osalembapo kanthu, nabwerera kumzinda.

Ndiye tamverani, Akhristu anzanga. Mayiyu sanali mbuli, ayi ndithu. Zoona ankazidziwa, ndipo ankazilankhula mokoma kuposa ine ndaima panone. Chinamugwetsa ndi mtima woona msampha paliponse. Mtima wotere umakuuza kuti ndiwe wochenjera, chonsecho ukukudutsitsa pakhomo la olira uli pa liwiro. Nafenso timatero. Timayimba za chikondi muno m'tchalitchi, koma wosauka akagogoda kwathu timayamba ndi kufunsa kuti akufuna kutibera chiyani. Mulungu sadzakufunsani kuti anakupusitsani ndi angati. Adzakufunsani kuti pamene mnzanu ankalira, munaima kodi?